Amayi a pa chulu: zomwe ndinaona ku kachisi wa Mariamman ku Mount Edgecombe

Lachisanu Loyera la chaka chatha sindinapite ku tchalitchi. Ndikudziwa ena mwayamba kale kugwedeza mutu, makamaka inu ondidziwa kuti ndine mwana wa mayi wa Chigwirizano, koma dikirani kaye ndifotokoze, nkhani yake ndiyaitali ndipo yakhala ikundizungulira m'mutu miyezi yonseyi.

Ine kuno ku Durban ndimagwira ntchito yosamalira gogo wina wachimwenye ku Phoenix. Tonse pakhomopo timangowatchula kuti Ma, ana awo, zidzukulu, ngakhale ine. Miyendo inawakana kale nde amayendera njinga ya olumala, ine ndi amene ndimawasambitsa, kuwapatsa mankhwala a shuga, kuwakankha popita ku chipatala, zonsezo. Tsiku limenelo mwana wawo wamkazi amene amawaperekeza chaka chilichonse anali pa shifiti, ndiye Ma anangondigwira dzanja m'mawa kusanache bwino nkunena kuti mwana wanga, chiyambire ndili kamtsikana sindinajombepo kwa Amman pa Isitala, usalole kuti chaka chino chikhale choyamba. Ndikanayankha chani abale? Ndinawaveka sari yawo yachikasu, mdzukulu wawo anatitenga pa galimoto mpaka ku kachisi wa Amman, mulungu wawo wamkazi, ku Mount Edgecombe, ndi pafupi, Phoenix ndi Mount Edgecombe ndi khomo ndi khomo, kumpoto kwa tauni ya Durban uku mukamalowera ku Umhlanga.

Ndinene zoona, m'mutu mwanga ndinali nditajambula kale zomwe ndikaone. Ndimaganiza chinyumba cha golide, mafano a manja ambirimbiri aja timawaona pa makalendala m'mashopu a ku Limbe, ansembe onenepa, anthu olemera. Mafano analipo inde, mitundu yowala inalipo, koma pomwe anthu amakankhanirana kuti afikepo, pomwe Ma amandiloza ndi chala kuti ndiwakankhire, panali chulu. Chulu chenicheni cha chiswe ngati chomwe chili kuseri kwa munda wa agogo anga, chija timatcherapo ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Kungoti ichi anachimangira nyumba, anachiveka nsalu, anachiwaza ufa wachikasu ndi wofiira, maluwa mbwee. Ndinaima kaye njinga ili m'manja. Eti anthu masauzande onsewa, magalimoto odzaza misewu yonse mpaka apolisi kumachita kuwongolera, akubwerera chulu?

Dzina lake kachisiyu ndi Shri Mariammen Temple ndipo chiyambi chake amachiwerengera ku 1890. Chulucho m'chilankhulo cha Tamil amati puthu. Mariamman ndi mulungu wamkazi wa kum'mwera kwa India, makamaka kwa anthu a Tamil, ndipo dzinalo mukaliphwanya, mari ndi mvula, amman ndi mayi. Mayi wa mvula. Nditangomva zimenezo thupi langa linachita tsembwe, chifukwa ife a kumwera kwa Lilongwe tinakula tikumva za Makewana wa ku Msinja kufupi ndi Dzalanyama, mayi wa ana onse, amene mafumu ankapita kukapempha mvula kukachita chilala. Ndipo nkhani ya Makewana siitha osatchula njoka ija Thunga. Anzathu a ku Nsanje nawo ali ndi Mbona wa ku Khulubvi amene amati amabwera ngati nsato. Nde apa Ma akundiuza kuti m'chulumo mumakhala njoka, njokayo ndi ya Amman, ena amati ndi Amman yemweyo, nchifukwa chake anthu amasiya mkaka ndi mazira m'mbali mwa chulu. Mayi, mvula, njoka. Sindikunena kuti ndi chinthu chimodzi ayi, Achewa ndi Atamil sanakhalirane pansi kugawana zimenezi, pakati pawo pali nyanja yaikulu. Ndikungonena kuti sindinamve chilendo mmene ndimayembekezera. Olo liwu lomwe ndikugwiritsa ntchitoli, kachisi, tisanalipeze m'Baibulo linali dzina la kanyumba kaudzu kothirirako nsembe kuthengo.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri si njoka, ndi mbiri ya anthu amene anayamba kugwada pa chulu chimenechi.

Kwathu tikati mmwenye timatanthauza mwini shopu, bwana, munthu wokhala kuseri kwa kauntala amene amakuwerengera tchenji. Ambiri mwa amwenye a ku Malawi makolo awo anabwera ngati amalonda kuchokera chigawo cha Gujarat. Ine ndinabwera ku Joni ndi chithunzi chimenecho basi. Sindimadziwa kuti amwenye ambiri a ku Durban makolo awo anabwera ngati alebala odula nzimbe, osauka kutheratu, atadinda chala pa pepala lomwe samatha kuwerenga. Sitima yoyamba, dzina lake Truro, inafika pa doko la Durban pa 16 November 1860 kuchokera ku Madras, mzinda womwe lero ukutchedwa Chennai, itanyamula anthu 342. Patangopita masiku ochepa inafika ina, Belvedere, yochokera ku Calcutta. Kuyambira pamenepo mpaka 1911 pomwe boma la India linaletsa, anthu 152,184 anawoloka nyanja mwanjira imeneyi, ndipo ochuluka mwa iwo anali a kum'mwera, olankhula Tamil ndi Telugu. Kontrakiti inali ya zaka zisanu, mwamuna amayamba ndi mashiling'i 10 pa mwezi, chaka chikatha amamuwonjezera shiling'i imodzi, kuphatikiza phoso. Munthu aliyense amapatsidwa nambala, mpaka lero mabanja akafuna kufufuza komwe anachokera amayambira pa nambala ya agogo awo. Iwo eni kontrakitiyo ankaitcha girmit, kulephera kutchula liwu la chizungu lija la mgwirizano, chimodzimodzi mmene ife tinapangira Wenela ndi Theba.

Pamenepa mpomwe ndinakumbuka agogo anga aamuna. Nawonso anadinda chala, anakwera ndege ya Wenela, anakakhala nambala ku migodi, anabwerako ndi chifuwa ndi bokosi lachitsulo. Mudzi wathu uli ndi mabanja omwe mpaka lero amatchula ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 nkupha a Malawi 74 akuchokera ku migodi. Nde Ma akamandiuza kuti agogo a mayi awo ankadzuka mdima uli bii kukalowa m'munda wa nzimbe, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti, kugona m'nyumba za mdadada zomwe ankazitcha mabaraki, banja lonse chipinda chimodzi, ine sindimamva ngati nkhani ya anthu ena. Ndipo nzimbe zomwezo zimatilumikiza mpaka lero, shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amene timathira mu tiyi, kampani yake ya Illovo likulu lake linakhala ku Mount Edgecombe komweko kwa zaka zambiri.

Mount Edgecombe nthawi imeneyo inali minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga basi, ya kampani ya Natal Estates, mkulu wake Marshall Campbell, mzungu yemwe dzina lake linabala dzina la lokeshoni ya KwaMashu kuno ku Durban. Mu 1913 alebala achimwenye atanyanyala ntchito m'chigawo chonse chino cha Natal pokana msonkho wa mapaundi atatu womwe ankalipiritsa aliyense amene wamaliza kontrakiti koma sakufuna kubwerera ku India kapena kudindanso chala, ena anawomberedwa nkufa m'minda ya ku Mount Edgecombe komweko. Msonkhowo unathetsedwa chaka chotsatira, 1914. Anthu amakonda kutchula Gandhi pa nkhani imeneyi, ndipo nzoona mudzi wake uja anaukhazikitsa mu 1904 uli ku Inanda pafupi ndi Phoenix konkuno, koma amene anagwa ndi zipolopolo anali odula nzimbe, anthu omwewa ankagwada pa chuluchi.

Tsono taganizani, munthu wachoka kumudzi kwawo ndi kamtolo ka zovala, alibe wansembe, alibe buku, alibe ndalama yogulira fano losema, kachisi wa kumudzi kwawo wamusiya kutsidya la nyanja. Apemphera bwanji? Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chake Mariamman ndi amene anafika msanga kulikonse komwe Atamil osauka anapita. Milungu ina ya Chihindu imafuna wansembe wa fuko la Brahmin wodziwa chilankhulo cha Sanskrit, imafuna miyambo yaitali ndi nyumba yomangidwa motsata malamulo. Amman wa kumudzi safuna zonsezo. Mwala umakwana, mtsuko wa madzi wovekedwa masamba umakwana, chulu chimakwana. Wotsogolera mapemphero, pujari, atha kukhala mlimi mnzako. Kwa anthu amenewa kupeza chulu chikukula m'mphepete mwa munda wa mzungu kunali ngati kumva kuti Amayi atitsatira, sanatitaye, atulukira m'dothi lomwe tikulimali. Nchifukwa chake makachisi ake mumawapeza ku Singapore komwe wakale kwambiri anayamba mu 1827, ku Kuala Lumpur, ku Mauritius, ku Marabastad mu Pretoria, ndi kuno ku Isipingo Rail kumwera kwa Durban komwe kulinso chulu chake ndi chikondwerero chake chachikulu cha pa Isitala. Ku Mount Edgecombe komweko kulinso makachisi ena akale, wa Emperumal wa m'ma 1875 ndi wa Ganesha amene anamangidwa ndi Kistappa Reddy, mmisiri wa njerwa yemwe naye anabwera pa girmit. Okongola ndithu. Koma khamu la Lachisanu Loyera limathamangira kwa Amayi.

Nanga bwanji Isitala, poti si Akhristu? Funso limeneli ndinafunsa ndili ndi kamkwiyo pang'ono mumtima, ndimaona ngati akutilanda tsiku lathu. Yankho lake linandichititsa manyazi. Eni minda anali Akhristu, ndiye masiku omwe fakitale imaima ndipo alebala amaloledwa kupuma anali a Isitala.  Anatenga mpata womwe anapatsidwa nkuikamo Amayi awo, ndipo zinagwirizananso ndi kwawo chifukwa ku Tamil Nadu zikondwerero zambiri za Mariamman zimachitika miyezi yomweyi ya March, April mpaka May, nthawi yotentha kwambiri kumeneko. Lero nzimbe zinatha pamalopo, fakitale inatsekedwa, mabaraki anagwetsedwa, pali nyumba za anthu olemera zotchingidwa ndi mipanda, bwalo la gofu, ndi chimsika chija cha Gateway chapafupi pompo. Zidzukulu za odula nzimbe zina ndi madokotala, maloya, zina zili ku Johannesburg, ku Australia. Koma Isitala ikafika zimabwerera pa chulu.

Ndifotokozeko za tsikulo mmene ndinalionera. Nsapato timavula kutali, pansi ponyowa ndi madzi achikasu. Fungo la lubani ndi kamfa wowotcha limachita kukulowa pakhosi. Ng'oma zawo zina zazing'ono zokhala ngati mtondo wothina pakati zimalira mothamanga, mtima umangotsatira wokha olo usafune. Anthu anyamula mathireyi a zipatso, kokonati, mkaka, nsalu za sari zatsopano zoti akapereke. Kokonati amamuswa pamwala kuti phwaa, madzi nkumwazika. Kenako kunabwera onyamula karagam, mtsuko wodzaza madzi wovekedwa masamba ndi maluwa mpaka kusongoka pamwamba ngati chulu chomwe, munthu kuusenza pamutu osagwira bwinobwino, akuvina, maso ali kwina. Ma anati pa nthawi imeneyo mtsukowo si mtsuko, Amman ali mmenemo. Mayi wina pafupi nane anangoyamba kunjenjemera, tsitsi kumasuka, lilime kunja, kufuula, abale ake osadabwa olo pang'ono, anangomuzungulira, wina kumuwaza madzi, anthu nkuyamba kufola kuti awadalitse ndi kuwapaka phulusa pachipumi, ena kumufunsa za matenda ndi za mabanja awo. Kwathu tikanati wagwidwa ndi mizimu, akubwebweta. Ndinaziwonapo kumudzi ndili mwana, ndinazionaponso mwamtundu wina m'matchalitchi ena a chipulumutso. Mantha ndinali nawo, sindinama, koma sanali mantha a chinthu chosadziwika.

Ambiri amene amabwera amabwera ndi chowinda. Mwana anadwala, mayi analonjeza kuti Amayi mukamuchiritsa ndidzabwera zaka zitatu ndi sari ndi mphika wa chakudya chodyetsa anthu. Wina amafuna mwana, wina ntchito, wina mwamuna wake asiye mowa. Ena makamaka ku Isipingo ndi m'makomo amapereka nkhuku kapena mbuzi, ndipo nkhani imeneyi Ahindu eni amakangana, alipo ambiri amene amati magazi sayenera kukhetsedwa pa kachisi, m'malo mwake amadula dzungu kapena ndimu nkupaka ufa wofiira uja kuti ziimire magazi. Mwana wa Ma ali mbali imeneyo, Ma ali mbali inayo, ndawamvapo akukangana kukhitchini mpaka mpunga kupserera. Pansi pa mkanganowo pali nkhani ya ulemu, ophunzira ena amaona ngati kupembedza kwa chulu, nkhuku ndi kubwebweta ndi zachimidzi, zochititsa manyazi pamaso pa azungu ndi pa Ahindu a mabuku. Ineyo pamenepa ndili ndi maganizo anga olo ndili mlendo: chomwe chinasunga agogo ako ali pa chikoti sungachichite manyazi iwe utavala suti. Za nkhukuzo akambirane okha, koma kunyoza ayi.

Mbali yomwe Ma amaikonda kwambiri kufotokoza ndi ya matenda. Mariamman si wa mvula yokha, ndi mwini nthomba, katsabola ndi chikuku, matenda onse otuluka pakhungu ndi kutentha thupi. Amabweretsa ndi iyeyo, amachotsa ndi iyeyo. Mwana akatuluka katsabola sanena kuti wadwala, amati Amman wabwera, wafika pakhomo ngati mlendo wolemekezeka, ndipo timatuza tija amatitcha ngale zake. Nde pakhomo pamayenera kukhala bata ndi ukhondo, osakazinga zamafuta, osaphika nyama, osakangana, bambo ndi mayi osagona pamodzi, pakhomo amapachika masamba, mwana amamugoneka pa masamba omwewo, amamupatsa zozizira zokhazokha, matuza akauma amamusambitsa madzi a masambawo osakaniza ndi ufa wachikasu uja iwo amati manja. Maganizo ake ndi oti Amayi atentha, akwiya, tiwaziziritse. Abale, nditamva izi ndinachita kukhala pansi. Si zomwezi agogo anga aakazi ankatiuza, kuti kukagwa nthomba kapena chikuku m'mudzi akuluakulu ankalengeza kuti mabanja onse adike, aliyense akhale wozizira, wotentha asayandikire wodwala angamudule? Kutentha ndi kuzizira, mawu ake omwewo.

Masamba aja ku India ndi a nimu, mtengo womwewu wadzaza ku Nsanje, Chikwawa ndi ku Salima. Atafika ku Natal nimu sanamupeze, nde anatenga mtengo wofanana naye masamba womwe azungu amati syringa, ife kwathu timati indiya. Mpaka lero ku Durban mapemphero a Amman amayendera masamba a indiya. Nthomba yeniyeni ija inatha padziko lonse, a WHO analengeza mu 1980 katemera atagwira ntchito yake, ndipo Ma ana awo onse anawabayitsa katemera, katsabola akavuta amathamangira ku kiliniki, samaona kulimbana kulikonse pakati pa jekeseni ndi masamba. Nthomba inapita koma Amman sanapite nayo, anthu anangomubweretsera matenda ena, khansa, shuga, mitima yosweka.

Pali nthano yomwe imafotokoza chiyambi chake, imakambidwa mosiyanasiyana koma mmene ndinaimvera ndi motere. Kunali mayi wina dzina lake Renuka, mkazi wa munthu wopatulika Jamadagni. Anali wokhulupirika kwa mwamuna wake mpaka ankatha kutunga madzi mumtsuko wa dothi losawotcha osasungunuka. Tsiku lina ali kumtsinje anaona m'madzi chithunzi cha mwamuna wokongola wa kumwamba akudutsa, mtima unangoti phaa kamphindi kamodzi, basi mtsuko unasungunuka. Mwamuna wake atazindikira analamula mwana wawo Parashurama kuti adule mutu wa mayi ake. Renuka pothawa anakakumbatira mayi wina wa fuko lonyozeka, aja ankati osakhudzidwa, ndipo nkhwangwa inadula onse awiri. Mwanayo atapatsidwa mwayi wopempha chomwe akufuna anapempha kuti mayi ake adzuke, koma mwa phuma anasinthanitsa mitu, mutu wa mayi wapamwamba pa thupi la mayi wonyozeka. Amene anadzuka choncho ndiye Mariamman. Nchifukwa chake m'makachisi ambiri kutsogolo kwa fano lake mumaona mutu wokha uli pansi.

Nthano imeneyi inandipweteka ngati mzimayi. Kungoyang'ana chithunzi m'madzi, osachita kanthu, chilango chake nkhwangwa, ndipo wogwira nkhwangwayo mwana wobala wekha. Ndipo mayi winayo analakwa chani, poti anangolandira mnzake wothawa? Koma taonani chomwe anthu akumudzi anachita nayo nkhaniyi, mkazi wolakwiridwayo ndi amene anamuika pampando, thupi lake ndi la munthu amene dziko limamunyansa, ndipo mkwiyo wake aliyense amauopa. Ndikamaona azimayi aja akulira pa chulu, ena ndikudziwa kuti kunyumba akumenyedwa, ndimamvetsa chifukwa chomwe amasankhira kukalira kwa ameneyu. Ku Samayapuram pafupi ndi Tiruchirappalli, komwe kuli kachisi wake wotchuka kwambiri ku India, amati chaka chilichonse Amman amasala kudya masiku 28 chifukwa cha ana ake, nthawi imeneyo samuphikira chakudya, amangomupatsa madzi a kokonati ndi zina zopepuka. Mayi wogona ndi njala kuti ana akhale bwino tonse timamudziwa, ena ndi amene anatilera.

Nditafika nawo kutsogolo Ma, anthu anatipatulira njira poona njinga. Iwo anatambasula manja, milomo ikugwedera, akutchula maina a ana ndi zidzukulu mmodzimmodzi, wa ku Johannesburg, wa ku Perth, amene anamwalira pa ngozi, kenako ndinamva dzina langa ndi la mwana wanga amene ndinamusiya ndi mayi anga ku Mitundu. Sindinawapemphe. Ine sindinagwade, sindinapemphere kwa chulu, ndinaima kumbuyo kwa njinga nkunena pemphero langa kwa Yesu wanga amene tsiku limenelo timakumbukira imfa yake, ndipo palibe anandiyang'ana moipa. Anthu akuda tinalipo angapo ndithu, ena Azulu obwera ndi mavuto awo, ena ogulitsa zinthu panja. Sindikufuna kupaka shuga pa nkhani ya amwenye ndi anthu akuda kuno, aliyense amene anali ku Phoenix mu July 2021 akudziwa magazi omwe anakhetsedwa m'misewu imeneyi, ineyo ndinatha masiku osatuluka pakhomo ndipo alipo a Malawi anzanga amene amagwira ntchito kwa mabwana owatukwana tsiku ndi tsiku. Zimenezo nzoona. Dzina la mwana wanga pakamwa pa Ma nazonso nzoona.

Isitala itapita ndimaganiza kuti za Amman zatha mpaka chaka china, osadziwa kuti mwezi wake weniweni ukubwera. Pa kalendala ya Tamil mwezi wa Aadi umayamba pakati pa July mpaka pakati pa August, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi khomo lililonse la Atamil ku Phoenix ndi ku Chatsworth limachita mapemphero a phala. Inde phala. Ku India amaphika ndi mawere kapena mchewere, amati koozh, chakudya cha amphawi cha nthawi yotentha. Kuno mawere sanawapeze, phoso la m'minda ya nzimbe linali ufa wa chimanga, nde Amman anayamba kudya phala la chimanga mpaka lero. Amaviika ufa masiku angapo kuti usase, kenako nkuphika m'chimphika chachikulu, kulisiya lizizire, kulisungunula ndi madzi kapena chambiko, kudulira anyezi wamuwisi. Kakomedwe kake kali pakati pa thobwa losathira shuga ndi phala la ufa wonyika wa m'mphale. Ndiwo zake maungu, kabichi, masamba a cham'mwamba, nyemba zosakaniza, nsomba zouma zophika ndi mazira owiritsa. Tandiuzani ngati pali chachilendo pamenepo kwa mwana wa ku Mitundu. Mulungu wodya phala losasa ndi nsomba zouma, ameneyo ndi wa anthu amene amadziwa njala. Ndipo lamulo lake phalalo silidyedwa ndi banja lokha, liyenera kugawidwa, aneba, odutsa m'njira, otola zinyalala, aliyense amalandira kapu yake.

Ma manja alibenso mphamvu zotakasa mphika waukulu choncho, ana awo phala la chimanga limawachitira mibulu, nde anandiyang'ana ine. Ndinatulutsa mthiko wanga womwe ndinachoka nawo kumudzi, ndinakhala pa moto wa nkhuni kuseri kwa nyumba kuyambira 5 koloko m'mawa kukuzizira kwa August, Ma ali pa njinga pambali panga atafunda bulangete akundiuza kuti thira madzi, chepetsa moto, mayi anga ankatakasa chonchi. Koma mumtima ndinali ndi nkhondo, paja Paulo anawalembera Akorinto za zakudya zoperekedwa nsembe kwa mafano, ndipo ine ndinaleredwa kuti zoterozo sitilawa. Ndinali nditakonza kale mawu okanira mwaulemu nthawi yogawa ikafika.

Sanandilole nkomwe kuti ndiwanene. Phala litangopsa, lisananyamulidwe kupita kutsogolo komwe anakonza mtsuko ndi masamba a indiya ndi nyali, Ma anaitanitsa bakuli langa lija ndimadyeramo, anandiuza kuti ndipungulire ndekha, nkuika pambali ndi mbale yovindikira. Anati ili ndi lako mwana wanga, silinafike kwa Amman, ndi phala chabe la ufa ndi madzi lomwe waphika wekha, udye ndi mtima umodzi. Ndinakhala pa sitepe ya kukhitchini ng'oma zikulira kutsogolo, ndinathira anyezi ndi kanchere, ndinamwa lonse, lotsala mumphika wachiwiri ndinathira m'zigubu ziwiri za malita asanu nkuyamba kugawira anthu pa geti.